Tisanaike Chizindikiro Pansi, Tiyambe Taonana ndi Amfumu

Pa tchuthi chapitachi ena mwa ife tinapita ku Ndunde, m'boma la Chiradzulu, kwawo kwa mnzathu wina wa m'kalasi. M'chikwama tinanyamula mapepala anayi amene tinasindikiza tisananyamuke. Pa pepala lililonse panali chinthu chimodzi chokha: bokosi lakuda la makona anayi, masentimita 10 mbali iliyonse, ndipo mkati mwake munali timabokosi toyera ndi takuda ngati bolodi ya drafuti yosamalizidwa. Madzulo a tsiku lachiwiri tinayala pepala limodzi pa mkeka pakhonde, n'kulozetsapo foni. Pa sikirini panaoneka mkeka womwewo, pepala lomwelo ndi mapazi a ana amene anatizungulira, koma pamwamba pa pepalalo panaima mtima wa munthu, ukugunda. Tikazungulira, tinkauona kumbuyo kwake. Tikayandikira, unkakula. Ana anakuwa, wina n'kupisa dzanja pansi pa foni kuti augwire, ndipo mtimawo unazimirira pomwepo chifukwa chala chake chinaphimba ngodya ya bokosilo.

Agogo a mnzathuyo sanavutike n'kuyang'ana pa foni. Maso awo anali pa pepala. "Ana inu, chimenechi mwachitenga kuti?" anatifunsa. "Nanga amfumu akudziwa kuti mwabwera nacho m'mudzi muno?" Tinayankha mwaulemu kuti ndi pepala chabe la kusukulu, ndipo iwo anangoti "Oo," n'kupitiriza kusankha nandolo. Tsiku limenelo funsolo tinalitenga ngati mantha a anthu akale. Tabwerera ku koleji tasintha maganizo. Tikukhulupirirabe kuti luso limeneli ndi loti ife ophunzira tiliphunzire ndi manja athu, osamangolionera pa YouTube, chifukwa ndi lotsika mtengo moti sukulu ya kumudzi ingalikwanitse. Koma bokosi lakuda lija silithera pa mkeka. Lili ndi abale ake amene amaikidwa m'minda ndi m'malire a malo, ndipo likafika kumeneko funso la agogo aja limayenera kuyankhidwa foni isanatuluke m'thumba.

Lusoli pa Chingerezi amati augmented reality, mwachidule AR. Ndi kuonjezera chithunzi chopangidwa ndi kompyuta pa zinthu zenizeni zimene kamera ikuona nthawi yomweyo. Dzinali linachokera kwa Tom Caudell, katswiri wa ku kampani yopanga ndege ya Boeing, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Iye ndi David Mizell ankafuna kuti amisiri olumikiza mawaya a ndege aziona m'magalasi awo pamene waya aliyense akuyenera kudutsa. Ambiri mwa ife tinalidziwira pa masewera a Pokémon Go a mu 2016, kapena pa timakutu tagalu timene Snapchat imaika pamutu pa munthu. Kujambula mtima pa kompyuta n'kosavuta kwenikweni. Ntchito yaikulu ili pouimika malo amodzi. Dzanja logwira foni limanjenjemera, mwini wake amasuntha, amawerama, amapendeketsa. Kuti mtima uoneke ngati wakhazikika pa mkeka, pulogalamu iyenera kudziwa pamene kamera ili ndi kumene yaloza. Pamafunika manambala asanu ndi limodzi: atatu onena za malo, ndiko kuti kutsogolo kapena kumbuyo, kumanzere kapena kumanja, m'mwamba kapena pansi, ndi atatu ena onena za kupendekeka kwa kamerayo. Manambalawa amawerengedwa mwatsopano pa chithunzi chilichonse, pafupifupi ka 30 pa sekondi imodzi. Pulogalamu ikachedwa kapena ikaphonya pang'ono, mtima umatsetsereka n'kukaima pa phazi la mwana.

Bokosi lakuda limagwira ntchito motere. Pulogalamu imayamba yachotsa mitundu yonse pa chithunzi n'kusiya kuda ndi kuyera kokha. Kenako imasakasaka chilichonse chokhala ndi mbali zinayi zowongoka, ndipo zenera, chitseko ndi buku zonse zimakodwa. Kuti isiyanitse chizindikiro chenicheni ndi zenera, imawerenga timabokosi ta mkati tija ngati nambala, kakuda 0 ndipo koyera 1, n'kuyerekeza ndi mndandanda umene ili nawo kale. Manambalawo anasankhidwa mosamala kuti asafanane ngakhale pepala litazunguliridwa, n'chifukwa chake pulogalamu imadziwa kumtunda kwa chizindikiro ngakhale mutachigwira chozondoka. Zikagwirizana, imatenga ngodya zinayi zija, ndipo nzeru yonse yagona pamenepo. Tonse tikudziwa kuti chitseko ukaima kutsogolo kwake chimaoneka chathunthu, ukachiyang'ana cham'mbali chimaoneka chopyapyala, ndipo mbali imene ili kufupi nawe imaoneka yaitali kuposa inzake. Ukatalikira, chimachepa. Popeza pulogalamu ikudziwa kale kuti bokosilo ndi la masentimita 10 ndipo mbali zake n'zofanana, kupotoka kumene ikuona pa chithunzi kumaiuza pamene woyang'anayo waima. Imafunikanso kudziwa khalidwe la diso la kamerayo, mmene limakulitsira zinthu ndi mmene limakhotetsera mizere ya m'mphepete. Zimenezi amazipeza pojambula bolodi ya chesi kangapo kuchokera mbali zosiyanasiyana, njira imene Zhengyou Zhang wa ku Microsoft anafalitsa mu 2000.

Masamu ake ndi akale kuposa kamera. Munthu wa ku Chiradzulu akatsika galimoto pamalo achilendo amayang'ana kumene kuli phiri la Chiradzulu, n'kuyang'ananso kumene Mulanje akuonekera, ndipo amadziwa mbali imene ali. Willebrord Snellius wa ku Netherlands anaika nzeru yomweyi m'masamu mu 1617, atapeza malo a nyumba yake poyeza mmene nsanja zitatu za mumzinda wa Leiden zinkaonekera. Mu 1841 Johann Grunert wa ku Germany anaonetsa mmene ungapezere pamene diso lili pogwiritsa ntchito madontho atatu odziwika. Vuto n'loti madontho atatu amatha kupereka mayankho mpaka anayi, ndipo dontho lachinayi ndilo limathandiza kusankha yankho loona. N'chifukwa chake chizindikirocho chili ndi makona anayi. Amene anavutika ndi sine ndi cosine pokonzekera MSCE, n'kumafunsa kuti adzadya nazo chiyani, adziwe kuti anali atayamba kale njira imeneyi.

Amene anabweretsa zonsezi pa pepala wamba ndi Hirokazu Kato wa ku Japan. Mu 1999, akugwira ntchito ndi Mark Billinghurst wa ku University of Washington, anapanga pulogalamu yotchedwa ARToolKit, ndipo pambuyo pake inaperekedwa kwaulere kwa aliyense wofuna kuiwerenga ndi kuisintha. Ena anaonjezerapo. Edwin Olson wa ku University of Michigan anatulutsa AprilTag mu 2011, ndipo akatswiri a ku yunivesite ya Córdoba ku Spain anatulutsa ArUco mu 2014, imene lero imapezeka mkati mwa OpenCV, mulu wa mapulogalamu aulere a zithunzi. Mapepala athu anali a mtundu wa ArUco. Zizindikiro zotere si zoseweretsa ayi. M'nyumba zosungira katundu za Amazon maloboti onyamula mashelefu amadziwa pamene ali powerenga zizindikiro zomatidwa pansi. QR code imene timaiona pa chiphaso chathu cha unzika ndi m'bale wake. Inapangidwa ndi Masahiro Hara ndi anzake ku kampani ya Denso Wave ku Japan mu 1994, ndipo timabokosi titatu ta m'makona mwake tili pamenepo pa chifukwa chofanana, kuti makina adziwe mmene chatembenukira.

Wina anena kuti zimenezi n'zachikale, pakuti mafoni a masiku ano safunanso pepala. N'zoona. Apple inatulutsa ARKit mu 2017 ndipo Google inatsatira ndi ARCore mu 2018. Mapulogalamuwa amatsata timadontho ndi ming'alu ya pa zinthu zimene kamera ikuona, n'kuphatikiza ndi kachipangizo ka mkati mwa foni koyeza kupendekeka, kotchedwa gyroscope. Koma ARCore imagwira pa mafoni okhawo amene ali pa mndandanda wovomerezeka ndi Google, ndipo mafoni ambiri otsika mtengo kachipangizoka alibe. Mwa mafoni asanu amene tinali nawo ku Ndunde, imodzi yokha ndiyo inavomera. Ndipo ngakhale imeneyo tikailozetsa pa khoma lopaka laimu, losalala mbee, inkasowa pogwira. Chizindikiro cha pepala chimangofuna kamera basi. Pulogalamu ikalowa m'foni kamodzi, bandulo siifunikanso, ndipo anzako umawagawira pa Bluetooth.

Tisabise, zinatilaka kangapo. Tsiku loyamba tinasiya pepala pazenera usiku wonse, m'mawa n'kulipeza litapindika ndi chinyezi, ndipo mtima unkanjenjemera ngati wamva malungo, chifukwa masamu aja amayembekezera kuti ngodya zonse zinayi zagona pamalo osalala. Tinalimata pa katoni ya sopo, zinatheka. Masana dzuwa likawomba pa inki, kuda kunkanyezimira n'kuoneka ngati kuyera. Madzulo mdima ukayamba, kamera inkaona chifunga chokhachokha. Tikaima patali kwambiri, mtima unkagubuduka uku ndi uku, chifukwa bokosi likachepa pa chithunzi pamakhala njira ziwiri zolimvetsera, kuti lapendekekera kuno kapena uko, ndipo pulogalamu imalumphalumpha pakati pa ziwirizo. Chimene chinatiphunzitsa kwambiri ndi fotokope. Tinafuna mapepala ena oti tisiyire ana, ndipo makina a pa sitolo ina anachepetsa bokosi lija kuchoka pa masentimita 10 kufika pa 9, ife osadziwa. Mtima unaonekabe bwinobwino. Koma titayang'ana manambala, foni inkanena kuti ili patali kuposa pamene inalidi, kusiyana kwake pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi. Siinachenjeze chilichonse. Inapereka yankho lolakwika molimba mtima ngati mmene inkaperekera lolondola. Zimenezi tizikumbukire, tibwereranso.

Amalume a mnzathuyo, amene anaphunzitsapo ku pulayimale, anatitsutsa mosapita m'mbali. Anati sukulu zambiri za kuno ana akukhala pansi, buku limodzi akugawana angapo, magetsi kulibe, ndipo mafoni ndi oletsedwa m'kalasi. Anati mtima akaufuna amapita kwa wopha mbuzi pamsika, ana amaugwira, amaudula, amaona okha zipinda zake zinayi. Pamenepa tinavomereza, ndipo tikuvomerezabe. Pamene chinthu chenicheni chingapezeke, chithunzi chisalowe m'malo mwake. Tikudziwanso kuti mwana akhoza kukuwa ndi chisangalalo poona mtima woyandama, mawa lake osakumbuka kuti magazi amalowera mbali iti. Koma mtima wa mbuzi wa pamsika sugunda. Suonetsa mmene timakomo ta mkati timatsegukira ndi kutsekeka mosinthana. Anzathu ophunzira uzamba amavutika kuona m'maganizo mmene mutu wa mwana umatembenukira podutsa m'mafupa a m'chiuno, ndipo chidole chophunzirira chimakhala chimodzi kwa kalasi yonse. Wophunzira zamagetsi a dzuwa sangaone mphamvu ikuyenda m'waya. Zinthu zoyenda, zobisika ndi zoti munthu azione mbali zonse ndi zimene pepala ili lingathandize, foni ili m'manja mwa mphunzitsi, ana akubwera asanuasanu. Kupitirira pamenepo sitikulonjeza kanthu.

Tsopano tituluke pakhonde tilowe m'munda, chifukwa nkhani yeniyeni ili kumeneko. Dziko lathu lili patsogolo pa nkhani ya tindege topanda woyendetsa, timene ambiri amangoti madroni. Mu June 2017 boma ndi UNICEF anatsegula malo oyeserera madroni ku Kasungu, makilomita 40 mbali zonse kuchokera pa bwalo la ndege la kumeneko. Mu January 2020 kunatsegulidwa African Drone and Data Academy ku Lilongwe, ntchito ya UNICEF ndi Virginia Tech mogwirizana ndi yunivesite ya MUST ya ku Thyolo, boma loyandikana ndi Chiradzulu. Droni yopanga mapu imajambula zithunzi mazanamazana zolowana m'mphepete, ndipo kompyuta imawerengera pamene kamera inali pojambula chilichonse. Kuti mapuwo amangirizike pa nthaka yeniyeni, droni isanauluke anthu amayenda wapansi kuika zizindikiro: nsalu kapena thabwa lopakidwa mabokosi akuda ndi oyera, pena mtanda wa laimu. Malo a chizindikiro chilichonse amayezedwa ndi GPS ya oyeza malo, imene imaphonya ndi masentimita ochepa chabe. Akatswiri amazitcha ground control points. Ndi nzeru yomwe ija ya pa mkeka, kungoti kamera ili kumwamba.

Ndipo boma la Chiradzulu likufunikira mapu abwino. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anapha anthu oposa 600 m'dziko muno, ena oposa 500 sanapezeke, ndipo oposa 600,000 anasowa pokhala. Ku Chiradzulu matope ndi miyala yochokera m'phiri zinakokolola mudzi wa Ntauchira, kwa Mfumu Yaikulu Likoswe. Kudziwa kumene madzi adzadutse chaka china, ndi pamene munthu angamange osaopa, kumafuna mapu osonyeza kutsetsereka kwa nthaka molondola. Palinso nkhani ya malire. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 350,000 m'bomali, limene ndi limodzi mwa maboma ang'ono komanso othinana kwambiri m'dziko muno. Lamulo la malo a m'midzi la 2016 likulola kuti munda wa banja uyezedwe ndi kulembetsedwa. GPS ya foni wamba imatha kuphonya ndi mamita asanu ngakhale kumwamba kuli koyera. Pa mizere yotalikirana masentimita 75, mamita asanu ndi mizere isanu ndi umodzi ya chimanga. Tonse tikudziwa mabanja amene anasiya kulankhulana chifukwa cha mzere umodzi.

Taganizirani tsiku limene silili kutali. Wogwira ntchito za malo wafika ndi tabuleti, wailozetsa pa chizindikiro chimene chaikidwa pa bikoni, ndipo pa sikirini paoneka munda weniweni wa amayi ena, mzere wofiira utadutsa pakati pa chinangwa chawo. Zida zoonetsa malire ndi mapaipi a pansi mwa njira yotere zilipo kale, kampani ya Trimble imagulitsa china chotchedwa SiteVision. Mzere woonekera pa munda weniweni umakopa maso kuposa pepala la mapu, ndipo umaoneka ngati sungatsutsidwe. Koma kumbukirani fotokope ija. Ngati chizindikiro chinasunthidwa ndi mita imodzi, kaya ndi mvula, kaya ndi mwana woweta mbuzi, kaya ndi mnansi wochenjera usiku, mzere wofiira udzasunthanso mita imodzi, ndipo sikirini siidzanena kanthu. Amene angadziwe kuti chalakwika ndi mayi amene walima pamenepo zaka makumi atatu, mwinimbumba wake, ndi nyakwawa imene inaliko pamene malire ankaikidwa pa mtengo wa mango. Ngati anthu amenewa sanauzidwe kuti chizindikirocho n'chiyani, ngati sanaone pamene chinaikidwa, alibe poyambira kutsutsa makina.

Agogo aja anali ndi chifukwa chofunsira. Anthu a ku Chiradzulu anaonapo alendo akuika zizindikiro pansi. Kuyambira 1892 Harry Johnston anayamba kupereka kwa atsamunda zikalata zotchedwa Certificates of Claim, zowatsimikizira umwini wa malo akuluakulu kumapiri a Shire. Ku Magomero kampani ya A. L. Bruce Estates inatenga maekala oposa 150,000, ndipo anthu okhala pamenepo anagwira thangata kuti aloledwe kulima ndi kugona pa nthakayo. Mkwiyo umenewo ndi umene unaphulika pa 23 January 1915, pamene anthu a John Chilembwe ananyamuka ku Mbombwe, m'boma lomweli. Mwana wa sukulu amaloweza tsikuli kuti akhoze mayeso. M'mabanja chimene chinatsala ndi chizolowezi chofunsa, mlendo akazika kanthu m'nthaka, kuti watumidwa ndi ndani ndipo mawa kubwera chiyani.

Palinso chakufupi. Mu September ndi October 2017 mphekesera za anamapopa zinayambira ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo, Chiradzulu, Nsanje mpaka Blantyre. Anthu osachepera asanu ndi anayi anaphedwa ndi magulu a anthu okwiya, ogwira ntchito zachipatala anaopsezedwa, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ku Mulanje ndi Phalombe kwa kanthawi. Amene ankakayikiridwa nthawi zambiri anali alendo onyamula zinthu zosadziwika. Sitikuikira kumbuyo kupha kumeneko ngakhale pang'ono, ndipo anamapopawo kunalibe. Koma wophunzira amene angafike m'mudzi wa eni ndi chikwama, n'kumayala nsalu za mabokosi akuda m'minda, kandege kakulira kumwamba, popanda kulonjera aliyense, akuika moyo wake pachiswe ndiponso akutsekera njira anzake obwera pambuyo. Ndipo tisamaloze chala akumudzi okha. Enafe tinamva panja pa tchalitchi, nthawi ya ziphaso za unzika komanso ya katemera wa Covid-19, anthu ophunzira ndithu akunong'onezana za 666. Bokosi lathu lakuda silikhudza chipembedzo cha munthu, lili ndi nambala imodzi yaing'ono mkati mwake, monga 7 kapena 23, ndipo aliyense angaiwerenge ndi pensulo tikamuonetsa mmene amachitira. Kuseka munthu amene ali ndi mantha sikuchotsa manthawo. Kumupatsa pensulo kuti awerenge yekha kumathandizako.

Chodabwitsa n'choti chizindikiro chooneka, chimene anthu amachiopa, ndicho chili ndi chilungamo kuposa njira zatsopano zija. Njira yopanda pepala imasandutsa malo enieniwo kukhala chizindikiro: khoma la nyumba yako, mpanda, chikwangwani cha golosale. Kuti foni izindikire malo mwa njira imeneyi, wina ayenera kukhala atawajambula kale n'kusunga zithunzizo pa makompyuta ake. Google imachita zimenezi ndi zithunzi za Street View. Niantic, kampani imene inapanga Pokémon Go, inalengeza mu 2024 kuti ikumanga mapu aakulu a dziko pogwiritsa ntchito malo amene osewera anajambula ndi mafoni awo. Pamenepo palibe chimene agogo angaone pa mkeka n'kufunsa. Pepala limaoneka. Munthu akhoza kulifunsa, kulikana, kulichotsa, ndipo likachotsedwa foni imasiya kuona. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza mbiri ndi zinsinsi za anthu la 2024, ndipo bungwe la MACRA ndilo linapatsidwa udindo woliyang'anira. Ndi chiyambi chabwino. Koma mayi wa ku Ndunde amene bafa lake la udzu lajambulidwa kuchokera kumwamba sadzalemba kalata ku MACRA. Chitetezo chake chenicheni chili poti wojambulayo anayamba wapempha, pa bwalo, anthu akumva.

Choncho pempho lathu kwa aphunzitsi ndi akuluakulu a koleji ndi laling'ono. Mapulogalamu ndi aulere, makina osindikizira alipo, mafoni tili nawo. Chikusowa ndi nthawi ndi mphunzitsi mmodzi wotiyang'anira, kuti a makompyuta akhale pamodzi ndi a zaumoyo, a zaulimi ndi a zauphunzitsi, apange zinthu ziwiri kapena zitatu zimene aphunzitsi a kumudzi anena okha kuti akuzifuna, mawu ake ali m'Chichewa. Ndipo aliyense wophunzira lusoli ayambe walakwitsa dala: achepetse bokosi, alipinde, alisunthe, aone mmene foni imanamira nkhope ili gwa. Kwa ife ophunzira pempho ndi lolemererapo. Chizindikiro chilichonse chimene tikaike kunja kwa mpanda wa koleji chikhale ndi mawu a Chichewa m'mphepete mwake onena mwini wake, ntchito yake ndi tsiku limene chidzachotsedwe, ndipo tsikulo likafika tikachichotsedi. Choikidwa m'munda chiikidwe mwini munda ndi mnansi wake ali pomwepo. Mapu akatuluka, asindikizidwe pa pepala lalikulu abwerere kwa anthu amene minda yawo ili mmenemo, chifukwa iwo ndi amene angaone msanga ngati mtengo wa mango wagwera mbali yolakwika. Abale ndi alongo a m'mipingo ya kumidzi, inunso muli ndi gawo. Mwana wanu akabwera ndi zinthu zotere pa tchuthi, musangomuyamikira kuti waphunzira. Mufunseni mafunso ovuta, ndipo mumuperekeze kwa amfumu.

Ife tikubwerera ku Ndunde tchuthi chikubwerachi. Amalume aja, ngakhale sanasinthe maganizo awo pa nkhani ya mtima wa mbuzi, anavomera kukatilankhulira. Yankho labwera kudzera kwa mnzathu sabata yatha: tikafike masana, anthu atabwerako kumunda, tikayambe ndi akuluakulu ana asanaitanidwe, ndipo tikabweretse mafoni osachepera atatu, chifukwa maso a akuluakulu sangathinane pa foni imodzi ngati ana. Agogo nawo atumiza uthenga wawo. Pepala limene tinawasiyira analisomeka m'denga la khonde, mbewa zadya ngodya imodzi, ndipo akufunsa ngati likagwirabe ntchito. Siligwira. Tikawatengera lina, lomata kale pa katoni.